Chotchinga Chimene Ndinapalira Mlongo Wanga

Ana anga, mumandiseka kuti chipumireni pa ntchito ndilibe china chochita koma kukhala pakhonde pano pa Chawama, muno mu Lusaka, n'kumanyoza zitseko za anthu. Simukunama. Chitseko chopendekeka chimandipweteka ngati dzino lobooka, ndipo sindingachidutse osanenapo kanthu. Koma manja ayamba kunjenjemera, chopalira sindichigwiranso mowongoka, choncho ndati ndigwire cholembera ndikusiyireni mbiri ya ntchito yanga maso asanatsatire manja. Za ubwana wanga ku Katete sindilemba, palibe chodabwitsa pa mwana woweta mbuzi. Ndikufuna mudziwe za matabwa amene ndinapala ndi manja angawa, amene anaima pakati pa agogo anu aakazi ndi mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, azakhali anu a Rozariya, moti anatha zaka zambirimbiri osaonana nkhope.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: madesiki ndi mabokosi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Indasitiriyo, pa shopu ina yopala matabwa. Tinkapanga zinthu ziwiri zokha, madesiki a sukulu ndi mabokosi a maliro. Kapitawo wathu anali ba Mwansa, Mbemba wa ku Migodi, dera lija lokumba kopa, munthu wonenepa kwabasi amene ankayesa desiki iliyonse poikhalira yekha. Ikangolira pang'ono, ankakubwezera osanena mawu. Tsiku loyamba lomwelo anandiika ku mabokosi, poti anyamata ena ankawaopa ngati kuti mwiniwake ali kale m'katimo. Anandiuza kuti, "Mwaiche, mwana iwe, wa desiki azabwela kudandaula. Wa bokosi sabwela. Manje uyu wamene sakamba ndiye umupangile bwino maningi." Anali waukali, koma sindinamuonepo akulola thabwa loipa kutuluka pa geti, ndipo mpaka lero ndikagwira chinthu chopalidwa bwino ndimamukumbukira.

Nthawi imeneyo atate anali atamwalira kale. Tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika wa Chawama, ine, amayi ndi mlongo wanga Rozariya, amene kunyumba tinkangomuti Loza. Amayi, aNaTembo, ankagulitsa vitumbuwa ndi tomato pamsika. Anali munthu wonyada, wosapempha mchere kwa mnansi, ndipo ankadziwika ndi duku lawo. Azimayi ena amamanga mfundo kumbuyo kapena pamphumi, koma iwo ankaifuna kumanzere, pamwamba pa khutu, itaima ngati lipombo la tambala. Phewa lawo lamanja linali louma chifukwa cha kusenza madengu, choncho amene ankawamanga dukulo m'mawa uliwonse anali Loza. Amayi ankakhala pa kampando, Loza ali kumbuyo kwawo, akukangana za mtengo wa mafuta ophikira. Ine ndinkadutsa pakati pawo ndikuthamangira ntchito, osadziwa kuti ndikuona chinthu chimene ndidzachilakalake.

M'ma 1980: zaka za mizere

Inu simunaone zaka zimenezo. Ufa unali wa pamzere, sopo wa pamzere, ndipo ukaona anthu ataima unkayamba waima kaye, n'kufunsa pambuyo kuti kwabweranji. Ku shopu misomali inasowa, guluu anasowa, ntchito inazilala. Ndiye wansembe wa parishi yathu anandiitana nati kuseri kwa komboni ya Linda, kumene nthawi imeneyo kunali tchire ndi minda, masisitere ena ochokera ku Italiya akumanga nyumba ndipo akufuna kalipentala.

Ndinapita ndikuyembekeza kupeza azungu a pamthunzi. Ndinapeza mayi wamfupi, wa manja aakulu ngati a mlimi, akukankha wilibala ya mchenga. Ameneyo anali Mayi Asunta, mkulu wa nyumbayo, bwana wanga kufikira tsiku limene ndinamupalira bokosi. Chinyanja anachiphunzira m'mabuku akale a ku mishoni, moti akalankhula unkamva ngati akuwerenga kalata yoyamba ya pa Misa. Anandifotokozera kuti iwo ndi masisitere obindikira. Saphunzitsa sukulu, sagwira kuchipatala. Ntchito yawo ndi kupemphera, kulima dimba, kusoka zovala za ansembe ndi kuphika timikate ta Misa. Nyumba ikatha kumangidwa adzatseka khomo, ndipo amene walumbira satulukanso, pokhapokha kuchipatala kapena akatumidwa pa ntchito ya nyumbayo. Ine ndinafunsa chimene Mchewa aliyense akanafunsa. "Nanga kwanu kukagwa maliro?" Iye anayankha kuti, "Timalira, Damiano mwana wanga, koma timalirira momwemo." Mumtima ndinati azungu awa mitu yawo siyenda bwino, koma ntchito ndinaifuna.

M'kashedi kanga anakhomamo kalendala yakale yokhala ndi zithunzi za nyumba za amonke za m'maiko ena. Ina inali ya ku Itiyopiya, pamwamba pa phiri lodulidwa ngati tebulo, kumene munthu amakwera ndi chingwe cha chikopa. Ina ya ku Girisi, yokhazikidwa pansonga penipeni pa mwala. Ina ya ku Iguputo, pakati pa chipululu, yozunguliridwa ndi linga lalitali. Ena akaona zithunzizo ankati Mulungu ndi wamkulu. Ine ndinkafunsa kuti matabwa a denga anawakweza bwanji. Mayi Asunta anaseka nati, "Ndi chingwe chomwecho, thabwa limodzilimodzi. Ndipo ambiri amene anayamba kumanga sanaone denga." Mawu amenewo anandilowa. Ndinayamba kuwapatsa ulemu anthu amene amamanga chinthu chopitirira moyo wawo. Misomali itasoweratu, iye ndi amene anandiuza kuti kwawo akale ankalumikiza matabwa ndi zikhomo za mtengo, ndipo tinayesa limodzi mpaka zinagwira.

Ndinapala zitseko, mabenchi ndi makama. Ndinapanganso kabati yozungulira, yooneka ngati mgolo wotseguka mbali imodzi, yoikidwa m'khoma pafupi ndi khomo. Wakunja amaikamo katundu n'kuzunguza, wamkati amalandira, osaonana. Koma ntchito imene ndimainyadira koposa ndi chotchinga cha m'tchalitchi mwawo. Ndi khoma la timatabwa ta mukwa, umene kwathu timati mlombwa, topingasana kuyambira pansi mpaka kudenga, lolekanitsa mbali ya masisitere ndi mbali ya anthu. Zibowo zake chala chimalowa, dzanja ayi. Pakati pake Mayi Asunta anafuna kazenera kotsegula, kolandirirapo Ukalisitiya. Ndinakajambula kakang'ono ngati chikhatho, poti kamkate ka Misa sikachuluka. Iye anakana. Anati ndikakulitse mpaka manja onse awiri azituluka kufika m'zigongono, ndipo ndikatsitse m'munsi. Ndinamuuza kuti kaoneka moipa, kakhala ngati kauntala ya pa gulosale. Anangoti, "Pala monga ndanena." Ndinapala ndikung'ung'udza, ndipo chifukwa chake sanandiuze.

Loza ankabwera Loweruka kudzandipatsa chakudya. Kenaka anayamba kubwera ndi Lamlungu lomwe kudzamva kuimba. Ndikuuzeni, kuimba kwa masisitere amene aja kulibe ng'oma, kulibe nthungululu, ndi mawu okha oyenda pang'onopang'ono, koma ngakhale ife amisiri tinkasiya kukhoma akayamba. Tsiku lina tikubwerera, Loza anandiuza kuti akufuna kulowa. Ndinamuyang'ana ndipo ndinaona kuti si zachibwana. Anali wokondwa monga ndinali ndisanamuonepo.

Kunyumba kunayaka moto. Amayi anandilozera chala nati, "Iwe Damiano, unapita kukagwira ntchito kapena kukapala khola la mlongo wako? Mwana wamkazi ndili naye mmodzi. Ndikafa adzandisambitsa ndani? Iwe?" Anaitanitsa mlongo wawo, malume aTembo a ku Chaisa, amene mwa mwambo wathu ndiwo anali mwini mbumba. Malume analankhula tsiku lonse, Loza atagwada, akulira koma osasintha. Tsiku lolowa amayi sanapite. Anadzimanga okha duku, mfundo ili kumbuyo poti phewa silinkafika kumanzere, n'kupita kumsika. Ine ndi amene ndinamuperekeza Loza, ndipo chitseko chimene chinatsekeka kumbuyo kwake chinali changa, chosalira ngakhale pang'ono.

Kuyambira pamenepo, ndikawapempha amayi kuti tikamuone, yankho linali limodzi. "Ine kukalankhula ndi mwana wanga pa zibowo ngati nkhuku? Ndinabala munthu ine." Dzina lake sankalitchula. Koma Loweruka lililonse ndinkapeza kapepala ka vitumbuwa kapena kathumba ka nsawawa pa chishalo cha njinga yanga, iwo akuyang'ana kumbali n'kumati, "Ukapatse anthu ako aja." Ndinkaika m'kabati yozungulira ija. Loza ankadziwa vitumbuwa vya amayi ake ndi fungo lomwe, ndipo nthawi zina kabatiyo inkachedwa kubwerera.

M'ma 1990: ku nyumba yakale ya ku Italiya

Nyumba imene Mayi Asunta anachokerako inali itatsala ndi nkhalamba zochepa. Atsikana a kumeneko sankalowanso. Akuluakulu awo anagamula kuti mipando yakale ya m'kwaya, mmene masisitere amakhala popemphera, ipite kwa ana awo a ku Lusaka. Mayi Asunta anatumidwa kukalongosola zimenezo, ndipo anati akufuna kalipentala wake, kuti amene adzaphwasule akhale yemweyo wodzalumikizanso. Umu ndi mmene ine, Damiano Mwale wa pa Chawama, ndinakwerera ndege. Mayi anu anandisokera jekete lochindikala, koma kuzizira kwa kumeneko kunalowa ngati ndavala neti.

Nyumbayo ili pamwamba pa phiri, pakati pa mitengo ya azitona. Makoma ake ndi a miyala, ochindikala moti pa zenera munthu ungagone. Anandiuza kuti yakhala zaka mazana ambiri, ndipo sindinafune umboni, poti masitepe a mwala anali atakumbika pakati ngati kamtondo, chifukwa cha mapazi okha a anthu opita kukapemphera. Nkhondo zinadutsa, miliri inadutsa, mafumu anasinthana, koma belu lawo linkalirabe pa nthawi yake. Anandionetsanso nyumba ina yaikulu ya amonke aamuna, imene inagumulidwa ndi mabomba pa nkhondo yaikulu yachiwiri, eni ake n'kuimanganso pamalo pomwepo monga inalili. Kuuma mutu kotere ndinali nditakuona kwa amayi anga okha.

Mipando ya m'kwaya inandigwetsa misozi, sindikubisirani. Munalibe msomali ngakhale umodzi. Zonse zinali zikhomo za mtengo, ndipo ndikagogoda pang'ono zinkatuluka mwaulemu ngati zinakhomedwa dzana. Kunsi kwa mipando, kumene palibe amene akanayang'anako, kunali kosalala ngati pamwamba. Ndinakumbukira ba Mwansa. Mmisiri amene uja sindimudziwa dzina, chinenero chake sindikanachimva, koma ndinagwira pamene iye anagwira ndipo ndinamva ngati ndapeza mbale wanga.

Pansi pa phirilo panali mudzi, madenga ake ofiira akuoneka bwinobwino. Mayi Asunta anandilozera nyumba imene anabadwiramo. Ndinati, "Ndiye mawa mutsikira kwanu?" Anati ayi, anatumidwa ku nyumba ya masisitere, sanatumidwe kwawo. Adzukulu a mchimwene wake ndi amene anakwera phiri kudzamuona, iye ali kuseri kwa chotchinga ngati kale. Apo ndinadziwa kuti lamulo limene linagwira Loza silinali la anthu akuda okha.

Tsiku lina masana anandiitanira m'tchalitchi mwawo. Chotchinga chawo chinali cha chitsulo, ndipo pakati pake panali kazenera kotakata, kotsika, kofanana ndendende ndi kamene ndinapala ndikung'ung'udza kaja. Kunja kwake, mbali ya anthu, kunali mwala wautali wosalala, wokwezeka kufika m'chiuno, m'mbali mwake mutaperepeseka. Ndinafunsa ngati linali guwa lakale. Iye anaika dzanja pamwalapo nati, "Ayi. Sisitere wa muno akaferedwa atate kapena amayi, satsika kumudzi. Ndiye anthu a kumudzi amasenza bokosi, kukwera nalo phiri lonseli, n'kuliika apa. Amatsegula, mwana atulutsa manja pa kazenera, atsazike. Atate anga anagona pamwala uwu." Kenaka anati, "Ife sitituluka, Damiano, koma sitinanene kuti makolo athu asabwere." Ndinayang'ana njira yokwera phiri ija, yokhotakhota, ya miyala, n'kuganiza za mapewa onse amene anasenza mabokosi m'menemo. Zimenezo ndinazisunga mumtima.

Chaka chimene amayi anatisiya

Mipando ndinailumikiza ku Linda, ndipo ilipo mpaka lero. Zaka zinapita, inu munabadwa n'kukula, vitumbuwa vinkapitabe Loweruka lililonse. Kenaka amayi anadwala mtima, miyendo inatupa, tinawagoneka kuchipatala chachikulu. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandifunsa mwadzidzidzi, osandiyang'ana, "Zibowo zako zija, dzanja limalowa?" Ndinati, "Pali kazenera, amayi. Manja onse awiri amatuluka." Anatafuna mawuwo kanthawi, n'kunena kuti, "Ndikachira." Sanachire. Anatisiya m'mawa wa Lachiwiri, mvula yoyamba itangogwa.

Ndinapita ndekha kukamuuza Loza. Anagwira timatabwa ta chotchinga ndi zala zake, mutu n'kutsamira pomwepo. Sanapemphe kutuluka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanakuwa. Mayi Asunta, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anali kumbuyo kwake. Ndinamufunsa kuti, "Mayi, zija ndinaona kwanu zingachitike kuno?" Anati, "Kazenera unapala wekha. Khomo la tchalitchi lidzakhala lotsegula. Koma maliro ndi a banja lanu, si anga."

Ku nyumba ya maliro, amuna titakhala panja pansi pa tenti, ndinagwada pamaso pa malume aTembo n'kupempha kuti tikachoka kutchalitchi tidzere ku Linda tisanapite kumanda a ku Chingwere. Malume anavula magalasi. "Iwe, wapenga? Chingwere ili uku, Linda ili uku. Unaonapo kuti mtembo uyendela munthu wamoyo? Mwana ndiye abwela pa malilo ya amake. Mzungu wake anakwela ndeke kuyenda kwao, manje uyu sangakwele minibasi kufika pa Chawama?" Ndinayesa kufotokoza zimene ndinaona ku Italiya, koma anandidula. "Vamene ivo ni va kwao. Mlongo wanga anakana kupondako ali moyo. Ufuna umupeleke na mphamvu poti sangakambe?" Funso limenelo linandilasa, chifukwa silinali lopusa. Ndinawauza mawu a kuchipatala aja. Anati wodwala amalankhula zambiri. Amuna onse anagwedeza mitu kuvomereza malume, ndipo nkhani inatsekedwa.

Ana anga, kwathu mwana wa mlongo satsutsa malume ake pa maliro. Iwo ndi amene anandiimira pa ukwati wanga ndi mayi anu. Kuwanyoza pamaso pa anthu kunali kudzidula pa mtundu. Koma ndikatseka maso ndinkaona zinthu ziwiri, zala za Loza pa matabwa anga, ndi amayi akufunsa ngati dzanja limalowa. Bokosi ndinali nditapala ndekha, la mukwa, losalala ndi kunsi komwe. Ndinati munthu amene sangathenso kudandaula ndi amene ndiyenera kumuchitira bwino.

Sindinafune kuchita mozemba. Misa itatha kuparishi, anthu ataona nkhope, bokosi litakwezedwa pa kanta, kalole konyamula mtembo, ndinapita kwa malume pamaso pa onse, ndinagwadanso m'matope n'kunena kuti, "Malume, mundikhululukire. Tikafika pa msewu wa Kafue, ine ndi amayi tikhotera kumanzere. Sitichedwa." Anandiyang'ana nati, "Ukachita ivo, pa malilo yanga usakabwele." Ndinaimirira n'kukakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Pa mphambano dalaivala anafunsa kuti, "Ba Mwale, nikonele kuti? Ine sinifuna milandu." Ndinati kumanzere, milandu ndi yanga. Titakhota ndinayang'ana pa galasi. Lole ya azimayi a kutchalitchi, anzawo a amayi a pamsika, inali kutitsatira, nyimbo osadukiza. Kumbuyo kwake kunali basi ya malume. Sindinganene kuti anali atasintha maganizo. Kumanda sakanapita kukaika maliro opanda mtembo.

Mwala ngati wa ku Italiya tinalibe. Ndinatenga timabenchi tanga tiwiri topalirapo matabwa m'kashedi, n'kutiika patsogolo pa kazenera. Tinaikapo bokosi, ndinatsegula. Tchalitchi chaching'onocho chinadzaza, ena ataima m'mazenera, ndipo azimayi anasiya kuimba okha popanda wowauza. Kuseri kwa chotchinga kunali masisitere onse ataimirira. Kazenera kanatseguka, nkhope ya Loza inaonekera. Ambiri a pa Chawama anali atamuona komaliza ali mtsikana, tsopano anali mayi wa makwinya. Anayang'ana amayi nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, ndine Loza. Mwabwera." Kenaka anakweza maso, misozi ili chuchuchu, nafunsa ndi mawu a pamsika enieni, "Nanga ndani wawamanga duku amayi? Mfundo siikhala kumbuyo." Mayi wina amene anasambitsa mtembo anayankha akulira kuti, "Pepani ba sisita, ndiye mwamene benze kumangila masiku yonse aya." Loza anati, "Poti panalibe wowamanga."

Anatulutsa manja onse awiri pa kazenera mpaka m'zigongono. Ine ndinanyamula mutu wa amayi pang'ono. Anamasula dukulo, analiwongola, analizunguliza, n'kumanga mfundo kumanzere, pamwamba pa khutu, itaima monga kale. Zala zake sizinaiwale. Atatha anasisita tsaya la amayi, ndipo apo azimayi a pa Chawama analira mokweza, masisitere n'kuyamba nyimbo yawo yapang'onopang'ono ija, kulira ndi kuimba n'kusakanikirana pa zibowo za chotchinga changa. Ine ndinalira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi.

Malume anali ataima kumbuyo, chipewa chili kumutu. Ndinawaona akukankha anthu kubwera kutsogolo, ndipo ndinati basi, atichititsa manyazi m'nyumba ya Mulungu. Anafika pa bokosi, anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana pa kazenera. "Loza, ndiwe?" "Ndine, malume." "Wakalamba." "Nanunso, malume." Anavula chipewa. Anayang'ananso mfundo ija, n'kutembenukira kwa ine osandiyang'ana m'maso. "Vala bokosi manje," anatero m'Chinyanja cha m'tauni, kenaka anabwereza m'Chichewa cha kwathu, "Tseka tsopano. Mlongo wanga watchena." Ku Chingwere tinafika mochedwa, okumba manda atakwiya, koma palibe wa pabanja amene anadandaula.

Lero

Malume anakhala nthawi osandilankhula, poti ulemu wawo ndinauponda ndithu ndipo sindikana. Koma atadwala anaitanitsa ine, ndipo bokosi lawo ndinapala ndine. Mayi Asunta anagona m'manda a m'kati mwa mpanda ku Linda, kutali ndi phiri la kwawo, monga anafunira. Chiyambire maliro a agogo anu, mabanja ena a masisitere akhala akubweretsa makolo awo pa kazenera kaja, ena kuchokera ku Matero, ena ku Migodi komwe. Timabenchi tanga sanandibwezere. Anatisunga kuseri kwa chitseko cha tchalitchi, ndipo ndamva kuti amatipukuta fumbi pamodzi ndi mipando yakale ya ku Italiya.

Azakhali anu akadali moyo, maso ndi amene achepa. Ndimapitako ndi minibasi mwezi ndi mwezi, timakhala uyu uku uyu uku, n'kumakangana za amene wakalamba kwambiri. Ndiye mverani, inu nonse, makamaka iwe woyamba amene udzakhale kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Tsiku langa likadzafika, anthu adzakuuzani kuti Linda ndi kutali, kuti misewu yadzaza, kuti okumba manda akudikira. Muwalole alankhule. Mukafika pa msewu wa Kafue, mukhotere kumanzere. Timabenchi mukatipeza kuseri kwa chitseko. Ndipo kolala ya shati yanga musavutike kuikonza, muisiye yopindika momwemo, kuti Loza akapeze chochita ndi manja ake.